Kujambula Apongozi ndi Galasi Labuluu

Nditapuma ntchito ya uphunzitsi, anzanga amene tinapumira limodzi anapeza zochita zanzeru. Wina anayamba kuweta nkhuku za mazira, wina anatsegula chigayo ku Sinda, wina anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo ndipo mpaka lero sayenda wopanda chikwama cha mapepala. Ine ndinagula kamera. Kamera yake ya filimu, yotulutsa zithunzi zakuda ndi zoyera basi, masiku ano amene ngakhale mwana wosayamba sukulu amadziwa kujambula ndi foni.

Ndinaigula kwa bambo wina wachisilamu wogulitsa nsalu pa Katete pano. Malemu atate ake anali ndi situdiyo kalelo, ndipo katundu yense anangomuunjika kuseri kwa sitolo, makoswe n'kumaberekeramo. Anandipatsa kamera, makina okulitsira zithunzi, mabeseni atatu, buku lachingerezi lothothoka chikuto, ndi kachitini kokhala ndi timagalasi tinayi tozungulira: kofiira, kachikasu, kobiriwira ndi kabuluu. Pondiperekeza pakhomo anandiyang'ana mwachisoni.

"Aphunzitsi, kunyumba akudziwa?" anandifunsa.

Kunyumba anadziwa tsiku lomwelo, chifukwa bafa la m'nyumba ndinalisandutsa chipinda chotsukira zithunzi. Zenera ndinalitseka ndi mabulangeti awiri, pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi thumba la fetereza, kuti ngakhale dzuwa lili paliwombo mkatimo mukhale mdima wa bii. Mkazi wanga, amene anakhala zaka zambiri akulota bafa la m'nyumba, anabwerera ku la udzu lakuseri. Sananene zambiri. Anangoti amuna ena akakalamba amayamba kachasu, bola ine.

Timagalasi tija ndi timene tinandizunguza mutu. Filimu yotereyi siidziwa mitundu, imangodziwa kuwala ndi kuda. Koma ukavundikira diso la kamera ndi galasi la mtundu, chinthu chofanana nalo chimatuluka choyererapo pa chithunzi, chosiyana nalo n'kuda. Tomato wakupsa ukamujambula ndi galasi lofiira amatuluka woyera ngati dzira. Masamba a chimanga ukawajambula ndi lobiriwira amawala. Ndinatha miyezi ndikujambula tomato, mbuzi za eni ake, ndi mitambo pamwamba pa mapiri. Filimu ndi mankhwala ankanditumizira mwana wanga wamkazi kuchokera ku Lusaka pa basi, ndipo phukusi lililonse linkabwera ndi funso lakuti kodi atate muli bwinobwino. Munthu wamoyo ndinali nditajambulapo mmodzi yekha, mkazi wanga, amene ataona chithunzi chake anandiuza kuti ndichibise kumene alendo safika. Komabe mumtima ndinali katswiri, wongosowa ntchito ya msinkhu wanga.

Ntchitoyo inandipeza nyengo yokolola, ine ndi mkazi wanga tili kumudzi kwawo cha ku Vubwi, kumene tinapita kukathandiza kukumba mtedza. Kunena zoona, wokumba anali iye. Ine ndinkajambula mtedzawo.

Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, anabadwira tsidya la malire, ku Mozambiki, n'kudzakwatiwa kuno ali mtsikana. Kumeneko anasiya akulu awo, obadwa nawo mimba imodzi, ndipo awiriwo anaonana komaliza pamene anthu othawa nkhondo ankabwerera kwawo, ana anga ali aang'ono. Tsopano uthenga unafika wakuti akulu awo aja agona, sakudzukanso pamphasa, ndipo akufuna kuona nkhope ya mng'ono wawo asanamwalire. Kumene amakhalako ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa njinga yamoto, njira yake miyala ndi mitsinje yokhayokha. Apongozi chiuno chinawavuta kalekale, ngakhale kutchalitchi amapita pa ngolo. Ulendo umenewo sakanautha.

Wobweretsa uthengawo anali mlamu wanga, mlongo wa mkazi wanga, amene amawoloka malire ndi njinga yamoto kukagula nyemba. Iye anati nkhaniyi ndi yosavuta. Kafoni kake ndi ka mabatani, koma abwereka ya kamera, awajambule amayi, akawaonetse. Apongozi anakana. Anati foni imabwerera ndi mwini wake, iwo akufuna pepala loti akulu awo atsale nalo, aziligwira. Mkazi wanga anati basi, tiwajambule ndi foni yake, tikatsukitse pa Katete, tsiku limodzi zatha.

Apa ndi pamene ndinatsokomola ngati ndili pa msonkhano wa makolo. Ndinati chithunzi cha foni ndi tiyi wopanda masamba. Ndinati munthu wamkulu ngati amayi safuna maluwa a chitenje kuti aoneke. Ndinati pa banja pano pali katswiri, nanga n'kukatengeranji nkhope ya amayi kwa anyamata a pamsika? Mlamu wanga anaseka mpaka kugwira pamimba. Koma apongozi, amene ankamvera zonse ali kuseri kwa nkhokwe, anauza mwana wawo wamkazi kuti andilole ine, apongozi awo, ndiyese. Ndinatupa ngati nkhukundembo.

Kuseri kwa nkhokweko ndiko kunali malo awo ine ndikakhala pabwalo. Chikwatirire, ine ndi apongozi tinali tisanayang'anizanepo maso, zaka makumi atatu ndi zinayi. Mabanja ena ana akabadwa amapatsana nkhuku, manyazi n'kutha, mpaka kumacheza pamphasa imodzi. Ife sitinachite zimenezo. Ine ndinkadikira kuti ayambe iwo, iwo ankadikira ine, ndipo ntchito inkandisamutsa sukulu ndi sukulu, kumudzi n'kumangofikako pa holide. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'tchire, ngakhale muli chitedze. Moni tinkapatsana, iwo atakhala chammbali uko, ine nditanyonyomala kuno, maso pansi, m'manja tikuomba. Kutsokomola kwawo ndinkakuzindikira pakati pa amayi onse a m'tchalitchi. Mapazi awo ndikanatha kuwajambula ndi choko pa bolodi, ndi kachala kopanda chikhadabo komwe. Koma nkhope ayi, ndinkangoionera patali.

Kamera yanga inali ngati anaipangira akamwini. Ili ndi maso awiri, lapamwamba loonera, lapansi lojambulira, ndipo suiika kumaso. Umaigwira pamimba n'kuwerama, kuyang'ana pansi m'kabokosi, m'mene munthu amaoneka wamng'onong'ono, kumanja kuli kumanzere. Ndiye ndikanatha kuima pamaso pa apongozi nditazyolika mwaulemu, ntchito ikuyenda. Ndinadziyamikira kuti ndagwirizanitsa sayansi ndi mwambo, chinthu chimene akuluakulu a maphunziro akhala akuchilephera.

Chinatsala ndi kusankha galasi. M'mawa mwake ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi buku langa lija. Bukulo linkati galasi lofiira limayeretsa nkhope mpaka munthu kuoneka ngati mzukwa. Ndinalibweza m'kachitini nthawi yomweyo. Kutumiza mzukwa kwa munthu wodwala? Linkatinso labuluu ndi labwino kwa okalamba, limatulutsa makwinya ndi ulemerero wonse wa nkhope imene yaona zambiri. Ulemerero! Mawu amenewo anandikopa. Sindinaime n'kudzifunsa kuti mzungu amene analemba bukulo ankajambula anthu a khungu lotani. Sindinafunse mkazi wanga kalikonse, ngakhale anali pafupi pomwepo akuanika mtedza. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya ndi kunyambita zala.

Apongozi anavala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo ndi duku latsopano. Mkazi wanga anawakhazika pampando pamthunzi wa khonde. Ine ndinkalankhula kudzera mwa iye, ngakhale pakati pa ine ndi apongozi panali mapazi asanu okha.

"Auzeni amayi akweze chibwano pang'ono."

"Amayi, akuti kwezani chibwano."

"Ndamva, sindine gonthi."

Pofuna kuti chithunzi chisachite chimbuuzi ndinalunjika m'mphepete mwa duku, pomwe panali timizere tooneka bwino, pakuti ngakhale m'kabokosimo maso anga ankakana kutsika. Galasi labuluu linali pa diso lapansi, ndiye zimene linkachita sindinkaziona. Ndinajambula khumi ndi ziwiri, filimu yonse, kenaka ndinabwerera chafutambuyo ndikuomba m'manja, kamera ikulendewera m'khosi.

Ku Katete ndinabwerera ndekha, mkazi wanga atatsalira mtedza. Ndinadzitsekera m'bafa masiku awiri. Nkhope itayamba kutuluka pa pepala m'beseni, ndinatsala pang'ono kukuwa. Inali yakuda bii, makwinya onse ataonekera mmodzimmodzi, maso akuwala, duku lili mbee. Ndinati ha, awa ndiye apongozi anga eti! Ndinawayang'ana nthawi yaitali, mosaopa, pakuti pepala silichititsa manyazi. Ndinatsuka ziwiri.

Tsiku lachitatu mlamu wanga anafika pa Katete kudzagula tayala. Ndinaika chithunzi chimodzi pakati pa makatoni awiri, m'envulopu, ndinamata ndi guluu, pamwamba ndinazunguliza tepi katatu.

"Alamu, manja anu a girisiwo asakhudze. Akatsegule okha eni ake."

"Ngakhale amayi asaone?"

"Adzaona chinachi ndikabwera. Inu ntchito yanu ndi kuyendetsa njinga."

"Chabwino bwana," anatero, n'kundichitira saluti.

Chachiwiricho ndinachipachika pabalaza, ndipo aliyense wodutsa ndinkamuitana kuti adzamwe madzi. Mnzanga wa nkhuku uja anachiyang'anitsitsa n'kunena kuti n'chokongola zedi, koma bambo ameneyu wavaliranji duku? Ndinamukhululukira. Munthu wa nkhuku angadziwe chiyani za luso?

Patapita masiku asanu foni inalira. Anali mkazi wanga, ndipo sanayambe ndi moni.

"Bwerani. Tengani chithunzi chinacho ndi kamera yanu."

"Achikonda?"

"Ndati bwerani."

Ndinakwera minibasi mpaka ku Chadiza, kuchoka apo njinga yamoto, ndipo njira yonse ndinkadziuza kuti mwina abale a tsidya lija akufuna ndikawajambule onse. Ndinafika dzuwa litapendeka. Mkazi wanga anali pamphasa pabwalo, mlamu wanga pa mtondo wogwetsa, apongozi pakhonde atatembenukira kukhoma. Mlamu wanga sanandiseke monga amachitira masiku onse, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti zinthu zavuta.

"Ndinakafika bwino, alamu," anayamba motero. "Amayi aakulu ndinawapeza ali gone. Ndinawapatsa envulopu, tinavutika ndi tepi yanu ija mpaka tinachita kudula ndi mpeni. Anati tiwakokere pafupi ndi khomo kuti aone bwino. Anayang'ana, kuyang'ana, kuyang'ana. Kenaka anandifunsa kuti uyu ndani. Ndinati ndi amayi, mng'ono wanu. Anati usandinamize iwe, mng'ono wanga anamwalira liti?"

"Aa! Nanga simunawauze kuti ali moyo?"

"Ndinalumbira mpaka kutchula Mulungu. Koma mukudziwa inunso kuti wodwala timamubisira maliro. Iwonso anabisirapo anzawo, njira zake akuzidziwa. Akuti tatola nkhalamba ya eni ake n'kuijambula kuti iwo afe ali chete. Anatembenukira kukhoma. Kuyambira tsiku limenelo phala akukana. Ndachoka akungomwa madzi."

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinayamba kufotokoza kuti maso a munthu wodwala sadalirika, kuti m'nyumba za kumudzi mumakhala mdima, kuti zaka zimasintha nkhope. Mkazi wanga anandilanda chithunzi chija, anachiika pamphasa, n'kuchiyang'ana kamodzi kokha.

"Mphini zili kuti?"

"Mphini zanji?"

Mlamu wanga anavula chisoti n'kuchiika pabondo.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "zaka zonsezi?"

Mkazi wanga anafotokoza pang'onopang'ono, monga ndinkachitira ine ndi mwana wobwereza kalasi kachitatu. Amayi ake ali ndi mphini, zitatu tsaya ili, zitatu tsaya linalo, zina pamphumi. Anawatema ali atsikana, iwo ndi akulu awo, tsiku limodzi, mayi wotema mmodzi, mizere yofanana. Makwinya angasinthe nkhope, mano angachoke, koma mphini munthu amapita nazo kumanda. Ndizo zimene akulu awo anayamba kufuna pa pepalapo. Ndinaweramira chithunzi changa chokongola chija. Masaya anali akuda bii, osalala ngati pansi pa mphika. Panalibe ngakhale kamzere kamodzi.

Mkazi wanga anati m'mawa umenewo anayesa kuwajambula ndi foni, koma mphinizo zinazilala ndi ukalamba, pa foni zikuoneka ngati mthunzi chabe, munthu wa maso ofooka sangaziwerenge. Anandionetsa. Zinali zoona, koma zinkaonekako pang'ono, kusiyana ndi changa chimene chinazifafaniza zonse.

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinakhala pansi, pa dothi penipeni, ndipo mutu wa uphunzitsi unayamba kugwira ntchito nthawi itatha kale. Mphini amapakamo makala, ndipo makala akakhala pansi pa khungu amaoneka ngati abuluu. Galasi langa linaziyeretsako mphinizo, khungu lofiirira n'kulidetsa, ziwirizo n'kukumana pakati. Zimenezi ndinkazidziwa! Ndinayesera pa tomato miyezi yathunthu. Ndipo chithunzicho ndinachitsuka ndekha, ndinachiyang'ana maola ambiri, osaona chimene chasowa, chifukwa mwini nkhopeyo ndinali ndisanamuonepo. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Koma choposa manyazi chinali mantha, kuti mayi uja afa ndi njala komanso chisoni, akulira maliro a munthu wamoyo, chifukwa cha matama anga.

"Apongozi."

Mawuwo anachokera pakhonde, ndipo sanadzere mwa mwana wawo.

"Wawa, amayi."

"Senderani kuno."

Ndinayang'ana mkazi wanga kuti andipulumutse. Iye anayang'ana nkhuku. Ndinasendera chokwawa mpaka ndinaona mapazi aja.

"Mwandiyang'ana mapazi zaka zonsezi, mwapezapo chiyani? Akulu anga sakudya kumeneko. Manyazi tidzachita tsiku lina. Kwezani mutu."

Khosi langa linali ngati geti la dzimbiri. Ndinakweza pang'onopang'ono, bulauzi, khosi, chibwano. Nkhope yawo inali yaing'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Pakamwa panali pa mkazi wanga, mphumi ya mwana wanga wa ku Lusaka uja. Maso anali ofiira, analira usana wonse. Ndipo mphini zinalipo, zozilala, zobisala m'makwinya, koma zinalipo. Ndinamva chisoni kuti mayi ameneyu wandiphikira nkhuku zosawerengeka, walera ana anga pa holide iliyonse, ndipo tikanakumana pamsika wa Katete atavala nsapato ndikanamudutsa.

"Mwaona?"

"Ndaona, amayi."

"Ndiye chitani zimene mumachitazo."

Ndinatsegula kachitini, n'kuyamba kuika timagalasi pa diso langa, kamodzikamodzi, ndikuwayang'ana. Ndi kabuluu mphini zinathawa. Ndi kobiriwira zinali ngati zikufuna kubwera. Ndi kachikasu zinaonekako. Nditaika kofiira, kamene buku linandiletsa, khungu linawala ndipo mizere inatuluka yakuda, yoonekera ngati anaitema chaka chatha. Ndinafuula kuti izo, izo! Apongozi anafunsa mwana wawo ngati amuna akewa amakhala chonchi masiku onse.

Dzuwa linali likupita, ndipo galasi lofiira limadya kuwala kwambiri, ndiye diso la kamera limayenera kukhala chitsegukire kanthawi, munthu osagwedezeka. Tinawasunthira kumapeto kwa mthunzi. Kamera ndinaikhazika pa mtondo. Ulendo uno ndinalunjika pa tsaya penipeni, ndipo ndinalankhula nawo ndekha.

"Amayi, ndikati tsopano, musapume."

"Mukufuna maliro awiri?"

Mlamu wanga anaseka koyamba tsiku limenelo. Koma nditati tsopano, anakhala duu ngati chitsa. Ndinatha filimu yonse, kenaka ndinaikamo ina, n'kuithanso.

Kutacha tinanyamuka kubwerera ku Katete, ine ndi mkazi wanga. Anati sakundisiyanso ndekha ndi nzeru zanga. Filimu ndinaitsuka madzulo omwewo, pakuti imeneyo siifuna magetsi. Koma makina okulitsira amafuna, ndipo magetsi tinawapeza atazima. M'mawa kunalibe. Ndinkangozungulira nyumba, kudina swichi, kutuluka, kubwera kudzadinanso. Ola lililonse ndinkaona mbale ya phala ikubwezedwa tsidya lija. Ine amene ndinkanyoza anyamata a pamsika ndinapita kukawafunsa ngati angandibwereke jenereta, ndipo ndinawatchula kuti abwana. Anati akuigwiritsa ntchito. Ndinabwerera kunyumba n'kugwada m'bafa muja, pakati pa mabeseni, ndipo pemphero lake linali lalifupi kwambiri.

Magetsi anabwera cha m'ma leveni. Mkazi wanga analowa nane m'bafa lake lomwe, koyamba chiyambire zamisala zangazi, ndipo anaima kumbuyo kwanga pa kuwala kwa kababu kofiira. Ndinaviika pepala m'beseni n'kumagwedeza. Duku linayamba, kenaka maso, kenaka masaya. Nkhope inali yowala ndithu, koma osati mzukwa. Mizere yonse inali pamalo pake.

"Amayi," anatero mkazi wanga.

Sindinafunenso chiyamikiro china. Tinanyamuka pepala lisanaume bwinobwino, iye ataligwira m'mphepete njira yonse. Envulopu inali yosamata. Kumudzi chithunzi chinayenda dzanja ndi dzanja, mlamu wanga ndi girisi wake yemwe, ndipo ine sindinamuletse. Apongozi anachiyang'ana pang'ono chabe, n'kuchibwezera kwa mwana wawo wamwamuna.

"Mawa ulawire. Usaime panjira kugula nyemba."

Tinadikira masiku anayi. Ndinkakhala pabwalo n'kumasenda mtedza, ntchito imene ndinali ndisanaigwirepo pamudzipo. Apongozi sanabwererenso kuseri kwa nkhokwe. Ankakhala pakhonde, ine pansi pa mango, ndipo njinga yamoto ikalira kumsewu tonse awiri tinkadzutsa mitu. Kamera inali m'chikwama, pansi pa bedi.

Tsiku lachinayi masana mlamu wanga analowa pabwalo, fumbi thupi lonse. Tonse tinamuyang'ana kumaso kufuna kuona ngati wabwera ndi maliro. Anazimitsa njinga, anakhala pansi, anapempha madzi. Anamwa kapu yonse, ife tikuwerenga kumeza kwake.

"Lankhula, iwe," anatero apongozi.

"Ndawapeza, amayi. Atha kwambiri, koma ndawapeza. Poyamba anakana, akuti chotsa mabodza akowo. Mwana wawo wamkazi anawadzutsa n'kuwatsamiritsa pachifuwa pake, ine ndinagwira pepala pafupi ndi khomo. Anayang'ana. Kenaka anatulutsa chala n'kuyamba kuwerenga. Pamphumi. Tsaya ili, imodzi, ziwiri, zitatu. Tsaya linalo, imodzi, ziwiri. Pa yachitatu chala chinaima."

Ndinaidziwa imene ankanena. Mphini yomaliza ya tsaya lamanzere ndi yokhota, inapatuka pa mzere wa zinzake. Ndinaiona pojambula, koma sindinayerekeze kufunsa.

"Anayamba kugwedezeka. Tinkayesa akukomoka, koma ankaseka, kuseka kopanda mawu. Anati ndi iyeyu. Ndi iyeyu, ali moyo. Kenaka anandikoka malaya, akuti ukamuuze amayi ako kuti yokhotayi sikuti anagwedezeka ndi mantha ayi. Ndinamutsina ndine pa ntchafu, chifukwa mayi wotema uja ankangomuyamikira kuti wamng'onoyu ndi wolimba mtima kuposa mkulu wake. Atatero anaitanitsa phala. Anamwa masipuni asanu, ndinawerenga ndekha."

Apongozi anagwira tsaya lawo.

"Ndinanena ine!" anakuwa, mawu ngati a mtsikana. "Ndinanena kuti wina wanditsina! Palibe anandikhulupirira! Amayi anandikalipira kuti ndawononga nkhope, iye ali pomwepo, maso gwa! Moyo wanga wonse wakhala akundiseka kuti ndine wamantha. Mfiti iyeyu! Mfiti yeniyeni!"

Anaseka mpaka kutsokomola, akumenya mphasa ndi dzanja, ife tonse n'kuseka nawo. Kenaka kusekako kunasintha, ndipo anakoka chitenje n'kufunda kumutu. Mkazi wanga anapita kukakhala pafupi nawo. Ine ndinalira poyera, mphunzitsi wopuma, mkamwini wa pamudzi, makoko a mtedza ali m'manja. Akulu awo anakhala ndi moyo masiku ena asanu ndi anayi, koma zimenezo tinamva pambuyo pake.

Patapita kanthawi apongozi anavundukula nkhope, n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Nenanso," anauza mwana wawo. "Yambira pamene anati ndi iyeyu."

Mlamu wanga anaika kapu pansi, n'kuyambiranso.